Mphika wa Simenti ku Mabvuku

Ndinagula theka la thumba la simenti
kwa mnyamata wa pakona, pafupi ndi pokwerera makombi.
Anandiyang'ana kuyambira kumapazi: "Mayi, mukumanga chiyani?"
Ndinati nyumba.
Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Mchenga ndinatapa m'ngalande, mvula itaukokolola,
ndinausefa ndi neti yakale ya udzudzu.
Madzi ndiwo anavuta.
Mpopi wathu umangopuma ngati wodwala mphumu,
ndiye Lonjezo anakaima pamzere wa pamjigo kusanache,
nabwera ndi zigubu ziwiri dzuwa lili paliwombo,
akung'ung'udza kuti madzi akumwa
ndikufuna kumwetsa mwala.

Mabeseni awiri:
lalikulu lomwe ndinkasambitsiramo ana, lothethekera m'mbali,
ndi laling'ono lotsukira mbale.
Ndinawapaka mafuta otsala pokazinga kapenta
kuti simenti isakakamire.
Mbale imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga,
timiyala todzaza manja anayi,
kachidutswa ka paipi pakati, potulukira madzi.

Bambo anga sankayeza ndi mbale.
Ankangopisa chala, n'kunena kuti, wonjeza pang'ono.
Zaka makumi atatu pafakitale ija
yomwe fumbi lake linkatera pazovala zathu pachingwe.
Madzulo ankalowa ali mbuu,
nsidze zoyera, m'makutu moyera,
ife n'kuthawira kuseri kwa chitseko, kunamizira mantha.
Anachoka ku Ntcheu ndi sutikesi ya malata
ndi mawu amodzi omwe sanathe kuwagwiritsa ntchito:
chaka chamawa tikupita kwathu.
Matumba amene anasenza anaimika nyumba zosanja m'tauni,
koma iwo khoma lawolawo analibe.
Simenti yawo anaisunga m'chifuwa,
ndipo tinkaimva usiku ikuuma.

Ndinakandira ndi khasu, ngati dothi lomatira.
Ndinathira, n'kukanikiza beseni laling'ono mkati,
njerwa zitatu pamwamba kuti lisayandame.
Kenako kugogoda m'mbali ndi mpini, go, go, go,
mpweya wobisala utuluke.
Timathovu tinkakwera kamodzikamodzi, n'kuphulika phee.
Manja anayamba kuthetheka. Magolovesi ndinaiwala.

Mai Tsitsi anasuzumira pampanda wa malata.
Dzina lawo kwathu ndi la pamutu, kwawo ndi chifundo,
ndipo zonse ziwiri ali nazo zambiri.
"Inu alendi anzanga," anatero,
"eni nyumba akadzakweza lendi mwezi wamawa,
chimenechi mudzachikweza bwanji pangolo?"
Ndinalibe yankho.
Ndinafunditsa chiguduli chonyowa pamwamba
ngati mwana wotentha thupi.

Masiku atatu osachikhudza.
M'mawa uliwonse kapu imodzi ya madzi,
yobedwa pa tiyi, yobedwa posamba.
Simenti, ankatero bambo, imalimba ndi ludzu lochedwa;
ukaithamangitsa padzuwa imakubwezera ndi ming'alu.

Tsiku lachinayi tinatembenuza.
Beseni lalikulu linang'ambikiratu, ntchito yake yatha.
Mphika unatuluka wotuwa, wozizira,
mlomo wobenthuka mbali imodzi,
wopendekera pang'ono ngati munthu womvetsera.
Pansi pa mlomowo ndinapeza chidindo cha chala chachikulu.
Lonjezo anayang'ana kumbali.
Sindinamufunse.

Tinaunyamula anthu anayi,
mwamuna wa Mai Tsitsi akutukwana m'zinenero ziwiri,
mpaka pakhomo, pomwe dzuwa limafika cha m'ma naini.
Pansi zigoba za njerwa, pamwamba dothi lakuda la kudambo,
manyowa a nkhuku a kwa aneba.
Ndinamasula kapepala komwe azakhali anatuma kondakitala wa basi:
njere zisanu ndi ziwiri za tsabola wa kambuzi.

Dzulo eni nyumba anabwera ndi kabuku kawo.
Anaugunda ndi nsapato, osasuntha.
"Ichi n'chandani?"
Ndinati changa,
mawuwo n'kundidabwitsa ndekha m'kamwa.

Lero m'mawa tatuluka tiwiri,
timasamba tochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Tasala tisanu.
Lonjezo watenga chigubu osatumidwa.